Penti wa Mtundu wa Fupa

Ndinamuuza Prosper kuti asatseke mabowo a m'chipinda cha fodya. Ndinamuuza tsiku lomwelo limene anafika ndi zitini za penti atazimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto, asanazitsitse n'komwe. Iye anaseka, n'kunena kuti ndikadakhala wailesi bwenzi atandichotsa mabatire kalekale.

Prosper ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ndine kuyambira akuyenda wopanda kabudula pabwalo. Monga zimakhalira pakati pa agogo ndi adzukulu, ine ndimamutchula kuti amuna anga, iye amati ndine akazi aakulu, ndipo atabweretsa Fainala kuchitengwa kuno kwa Kaomba ndinati ndapeza mkazi mnzanga wondilanda mwamuna. Anabereka kamwana kakakazi, Tithokoze. Tonse tinkakhala m'nyumba imodzi, imene anamanga malemu amuna anga enieni, a Benjamini.

Ndikudziwa zimene anthu amanena za ine. Amati aNachisale akangoona mtambo ayamba kale kulira maliro. Sanama kwenikweni. Ndinamuletsapo Fainala kuvala zofiira mvula ikamagunda. Ndinamuletsa Prosper kugula njinga yamoto ija. Ndinaletsa kukumba chitsime pafupi ndi mkuyu. Zofiira anavala, njinga anagula, chitsime anakumba, ndipo palibe anafa. Choncho mawu anga pakhomo pano anasanduka ngati kulira kwa nkhuku: amamveka, koma palibe amasiya chimene akuchita.

Nyumbayo a Benjamini anaimanga ndi njerwa zowotcha, koma makoma ake sanaone simenti. Tinkazira. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkapita kudambo kukatenga dothi lakuda la m'munsi ndi loyera la m'mwamba, n'kuyenda ndi dzanja khoma lonse. Dzanja likamazira limamva zambiri. Limamva pamene pafewa, pamene pakulira ngati chipanda, pamene chiswe chayamba njira. Zipinda zinali pabalaza, chogona chachikulu, kanga kakang'ono, ndi chakumapeto chimene tinkati cha fodya.

M'chipinda cha fodyamo ndi mmene munali mabowo. Pomanga, a Benjamini ankadumpha njerwa apa ndi apo, khoma ili ndi linzake loyang'anizana nalo, mizere mizere mpaka m'mwamba. Aliyense wolima fodya amadziwa za February. Masamba amapsa onse nthawi imodzi, chigafa choumitsiramo fodya chimadzaza, mvula osaleka, ndipo fodya wosoka kale amasowa pomupachika. Nthawi imeneyo tinkalowetsa mitengo m'mabowo aja kuchoka khoma kufika khoma, n'kupachikapo fodya wotsalayo. Fodya wamuwisi ndi madzi okhaokha, amalemera ngati munthu wokomoka, koma kulemera konseko kunkapita m'makoma. Pamwamba pa chipindacho panadutsa mtanda wa bulugamu wogwira denga, ndipo a Benjamini sankalola kukolekapo ngakhale chikwanje. Ankati denga ntchito yake ndi kusenza malata basi.

Chaka chimene fodya anamuyendera bwino, Prosper anabwera kuchokera ku boma ali ndi nkhani ya penti. Anamuona mu ofesi ina kumene amakalembetsa za feteleza. Ati makoma ake munthu ukalowa umachita kuyankhula motsitsa mawu wekha. Anapaka simenti nyumba yonse, pansi ndi m'makoma, kenako anaitana Lucious, mnyamata wa pa msika amene amapenta magolosale.

Lucious atatsegula chitini choyamba ndinasuzumiramo. Sanali woyera. Sanali wachikasu, komanso sanali wotuwa. Unali mtundu wokana kukhala mtundu. Lucious anati ubwino wake ndi womwewo, sukangana ndi chilichonse: uike mipando yofiira zigwirizana, upachike makatani obiriwira zigwirizana, ndipo kachipinda kakang'ono kamaoneka ngati katambasuka. Ine ndinati mtundu umenewu ndinauonapo kawiri. Koyamba pa mafupa a ng'ombe zimene zinafera kudambo chaka cha chilala. Kachiwiri kumapazi kwa munthu tikamamusambitsa komaliza.

Fainala anaika mwana kumsana n'kutuluka panja. Prosper anati, "Agogo, m'mawa mumati mabowo, pano mukuti mafupa. Sankhani chimodzi choti tiziopa, zonse sitingakwanitse."

Anayambira pabalaza. Sindinama, m'mawa dzuwa likalowera pa zenera la kum'mawa, makoma aja ankaoneka ngati mkaka wongokama kumene. Amayi a Mvano anabwera kudzaona, ena mpaka kuvula nsapato pakhomo osauzidwa. Fainala ankangomwetulira. Koma pamodzi ndi penti munalowa malamulo. Osatsamira khoma. Osakhoma msomali, ngakhale wa kalendala ya kutchalitchi. Mbaula izikhala panja. Tithokoze anali atayamba kuimirira chogwira zinthu, ndipo tsiku lonse mayi ake ankangomuthamangira ndi kansanza, kupukuta timanja, kupukuta khoma. Ndinati mwana amaphunzira kuyenda pogwira khoma la kwawo, nanga uyu agwire chiyani?

Kuchipinda chawo chogona penti yemweyo anasintha nkhope. Zenera lake ndi laling'ono ndipo layang'ana ku mtengo wa mango, ndiye makoma ankaoneka ngati phulusa la dzulo. Lucious anati ndiye zabwino, maso amapuma. Ine ndinati maso a munthu wamoyo apumirenji masana.

Kachipinda kanga ndinakana. Ndinati ndifa ndili m'dothi langa. Anadikira nditapita ku maliro kwa Kapelula, pobwera ndinapeza atamaliza. Mphasa yanga, dengu langa la nsalu, zonse zinali pakati pa chipinda ngati katundu wa mlendo amene akudikira basi. Mwaye wa nyali umene unali pakhoma kuyambira a Benjamini ali moyo unali utapita. Kuyambira pamenepo masana ndinkakhala pakhonde.

Chomaliza chinali cha fodya. Prosper anati chimenechi chikhala cha alendo, sangamagoneke abale a mkazi wake m'chipinda chooneka ngati khola la nkhunda. Ndinaima pakhomo Lucious akutsekera zidutswa za njerwa m'mabowo n'kumata simenti pamwamba. Ndinafunsa kuti nanga February akadzafika fodya adzapita kuti. Prosper anati awonjezera chigafa mvula isanayambe, zopachika fodya m'nyumba ndi za kale. Popeza munalibe siling'i, Lucious anakwera pa mgolo n'kupenta ndi mtanda womwe, kuti ufanane ndi makoma. Atatsika, chipinda chonse chinali chinthu chimodzi. Sukanadziwa pamene panali bowo, sukanadziwa kuti mtandawo ndi mtengo.

Mvula yoyamba itagwa, pakona ya chipinda chimenecho panatuluka kamzere kofiira. Kanachokera pansi, kukwera mokhotakhota ngati mtsempha wa pa mwendo wa nkhalamba. Chiswe. Pa khoma lozira kamzere kotere umachita kukafufuza ndi dzanja, koma pa penti uja kankaonekera uli pakhomo. Fainala anakapala ndi mpeni, n'kupakapo penti wotsala m'chitini. M'mawa mwake kanabwerera. Anakapalanso. Zinakhala ngati kusesa pabwalo, ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Ndinamuuza Prosper kuti chiswe sakapala, amachilondola. Umakumba pamene chatulukira, n'kutsatira njira yake mpaka upeze kumene chikuchokera. Iye anati pansi pano ndi simenti tsopano, sangaswe simenti chifukwa cha tizilombo tosaposa njere ya mpunga. Anatenga mankhwala opopera fodya ku nazale n'kuthira pakonapo. Kamzere kaja sikanaonekenso.

"Mwaona, akazi aakulu? Adani anu athawa."

Ndinati chiswe chikasiya kuoneka ndiye kuti chapeza njira ya m'kati. Iye anali atatuluka kale.

Tsiku lina onse ali kumunda ndinalowamo ndi ndodo yanga. Ndinagogoda mtanda chapakati, unalira ngati mtengo. Ndinagogoda chakumapeto, pamene walowa m'khoma cha ku kona ija, ndipo unalira ngati dzungu limene mbewa zadya m'kati. Ndinagogodanso kangapo kuti nditsimikize. Nsonga ya ndodo yanga imayenda m'matope, ndiye inasiya madontho akuda pa penti. Fainala atawaona anakhala pansi n'kuyamba kulira, ati iye amapukuta tsiku lonse, wina n'kumadetsa dala. Ndinayesa kufotokoza za kulira kwa mtanda, koma nkhani inali itasanduka ya madontho. Prosper sanakalipe. Anangoti kuyambira lero ndodo yanga izitsala pakhonde, m'nyumba ndiziyenda chogwira mipando.

Chigafa sanawonjezere. Si ulesi ayi. Mitengo kuno inatha, amene ali nayo amaiumira, ndipo udzu wofolera umene anauzidwa kuti aupeza kwa Lukwa unapsa ndi moto wa osaka mbewa. Anati aona chochita nthawi ikafika.

Nthawi inafika. Fodya wa chaka chimenecho anali wonenepa, masamba ngati makutu a njovu, ndipo anapsa onse pamodzi. Mvula inali yamvumbi, yosagunda, yongonyowetsa. Chigafa chinadzaza mpaka m'mphepete. Fodya wosoka anaunjikana pakhonde, ndipo ukalowetsa dzanja pakati pa mulu unkamva kutentha. Masamba a pansi anali atayamba kuda. Fodya akayamba choncho sadikira munthu.

Ndinamupeza Prosper ataima pakati pa chipinda cha alendo chija, manja m'chiuno, akuyang'ana makoma. Ndinamuuza kuti mabowo alipo, sanapite kulikonse. Ndikudziwa pamene pali lililonse, ndikhoza kumulozera nditatsinzina. Angotenga chitsulo ndi hamala, dzuwa lisanapendeke tikhala titapachika. Anayandikira khoma, n'kuliyendetsa chikhato pang'onopang'ono monga amachitira pa msana wa ng'ombe. Ndinaona kuti akuganiza.

Amene anandidabwitsa ndi Fainala. Anali pakhomo, manja ali akuda ndi utomoni wa fodya. Anati, "Bambo a Tithokoze, ingoboolani. Penti sitidya."

Mwina akanakhala chete, Prosper akanaboola. Kaya. Anatembenuka n'kutiyang'ana tonse awiri, n'kunena kuti akazi ake agwirizana liti. Anati Lucious anamuuza kuti khoma lopenta ukaligamba chigamba chake sichibisika, chimaoneka mpaka kale, ndipo iye sanavutike chaka chonse kuti abwerere m'khola la nkhunda. Anakweza maso. Ndinaona kuti akuyang'ana mtanda uja.

Ndinati, "Prosper, agogo ako aamuna sankakolekapo ngakhale chikwanje pamenepo."

Anati agogo ake aamuna analibe waya.

Anakatenga waya wokhuthala amene anatsala pomanga khola. Anamukoleka pa mtanda malo angapo, n'kumangirira mitengo yopingasa m'munsi mwake, ina pansi pa inzake ngati makwerero, zonse zili lendelende pakati pa chipinda. Anayala mapepala a pulasitiki pansi. Kenako anayamba kupachika. Ndinene zoona, ntchito yake inali yaudongo. Anandiitana kuti ndidzaone kuti palibe tsamba ndi limodzi lomwe limene likukhudza khoma. Ankazungulira fodyayo chammbali, msana uli kufupi ndi penti koma osamugunda, akunyadira.

Tsiku limenelo sichinachitike chilichonse. Lotsatira lakenso ayi. Prosper akadutsa pakhonde ankandifunsa ngati denga lagwa kale iye osamva. Fodya wa pakhonde anapulumuka, ndipo anthu oyandikana nafe anabwera kudzaona nzeru ya wayayo. Wina anati akachita zomwezo kwawo.

Ine ndinkaona zina. Pa masamba a pamwamba pankagwera timibulu ta dothi lofiira, touma, pamene kunja konse kunali chinyezi. Chitseko cha chipindacho, chimene chinkatsekeka ndi chala chimodzi, chinayamba kufuna phewa. Ndipo cha kumapeto kwa mtanda penti anachita timing'alu ting'onoting'ono ngati dzira limene mwanapiye akugogoda m'kati. Ndinamuonetsa Fainala. Kuyambira pamenepo sanalolenso Tithokoze kudutsa pabalaza kupita mbali imeneyo, ndipo iye mwini akafuna kanthu m'menemo ankakokera ndi mpini ali pakhomo. Anamuuza mwamuna wake. Iye anati matenda a agogo ndi opatsirana.

Kumunda masamba ena anapsanso. Prosper anati m'chipindamo mudakali malo m'munsi, awonjezera mzere umodzi wokha, womaliza. Linali tsiku lachisanu, chakumasana, mvula itangokata pang'ono. Fainala anali kuchigafa akusoka. Ine ndinali ndi mwana kumsana. Ndinamuona akulowa ndi fodya paphewa, kutuluka, kulowanso. Ndinadzuka, ndodo ndinaisiya pakhonde monga mwa lamulo, ndinayenda chogwira mipando mpaka pakhomo la chipindacho. Anali atagwada pansi pa fodya yense uja, akumanga waya. Ndinkangoona miyendo yake ndi msana.

"Amuna anga, tulukani m'menemo."

"Nsanje, akazi aakulu. Mukuona ngati fodyayu ndi mkazi wachitatu?"

"Tuluka, Prosper. Ndakupempha."

Anati amalize mfundo imodzi.

Sikunamveke chiphokoso poyamba. Kunangomveka ngati munthu waponda phesi louma. Fodya yense anatsika pang'ono, n'kuima, ngati akupuma. Kenako mtanda unachoka m'khoma cha ku kona ija, malata anautsatira, ndipo m'chipindamo munalowa kuwala kwa kunja. Fumbi lofiira linadzaza pakhomo. Mwana kumsana anayamba kulira. Miyendo ija ndinkaionabe, koma sinkagwedezeka.

Amuna anathamanga kuchokera m'minda. Anachotsa malata, anakokera fodya panja pamatope, anatukula mtanda. Mbali imene inamugwera pamsana inali yamoyo, yolemera. Mbali ya kukhoma wina anaigwira ndipo zala zake zinalowa. M'kati munali dothi lokhalokha ndi chiswe chili piringupiringu. Kunja kwake penti anali bwinobwino, wosalala, atagwira maonekedwe a mtengo umene kunalibe.

Anamutengera pa ngolo mpaka kumsewu, kenako pa galimoto kupita kuchipatala cha ku boma. Fainala anapita naye ndipo anakhalitsa kumeneko. Fodya wa m'chipinda anawolera pabwalo pomwe anamutayira. Wa kumunda anapserera pa mitengo yake, wopanda womuthyola. Wa m'chigafa abale anathandiza, koma anali wochepa.

Prosper anabwerako wamoyo. Manja amagwira, amayankhula, amadya. Kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi samva chilichonse, ngakhale umutsine. Anamugoneka m'chipinda chawo chija cha mtundu wa phulusa, chagada, ndipo ankakhala choncho tsiku lonse. Chipinda cha fodya chilibe denga mpaka lero. Makoma ake aima, mvula yawatsuka, alibe banga.

Tsiku lina m'mawa anandiitana. Ndinalowa chogwira mipando. Sanandiyang'ane, maso ake anali m'mwamba, pa mtanda wa chipinda chimenecho, umene Lucious anaupentanso bwino lomwe.

"Agogo, katengeni ndodo yanu."

Ndinakaitenga. Ndinagogoda chapakati, kenako chakumapeto. Iye ankayang'ana nkhope yanga, osati mtanda. Kumapetoko unalira ngati dzungu lija. Ndinatuluka kukauza Fainala kuti akaitane amuna adzamunyamule.

Pano amagona m'kakhitchini ka kuseri, ka udzu, kamene ndimazira ndekha. Utsi unadetsa kale makoma ake. Chitseko amafuna chizikhala chotsegula, ndipo kuchokera pamphasa pake amaiona nyumba yake yonse, yotuwa mbee pakati pa minda, yopanda munthu m'kati, poti tonse tinasamukamo.